Telala Woopa Singano

Mayi a Nkhuku anafika kwa mwana wawo dzuwa litapendeka, chikwama m'khwapa, kanthenga kali pampango osadziwa. Dzinali anawapatsa ndi anthu a kumsika, komwe akhala akugula ndi kugulitsa nkhuku kuyambira ali ndi mano onse. Sanabwere kudzacheza. Mpongozi wawo anali atagonekedwa kuchipatala usiku wa dzulo lake kudikirira kubereka, ndipo ndiye ankabaya mwamuna wake jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo chimupezereni ndi matenda a shuga. Tsopano wobayayo panalibe.

Mwana wawoyo anali telala, bambo wandevu zake, ndipo anthu ankangomuti Chigamba. Shopu yake inali chipinda chakumaso cha nyumba yomwe ankakhala. Anamupeza akupalasa makina, yunifolomu ya mwana wasukulu ili pansi pa singano, botolo lalikulu la madzi lili pambali lotsala pang'ono kutha.

"Mwafika, Amayi? Kumsika kuli bwanji?"

"Kumsika kuli anthu. Wabaya?"

"Takhalani pansi kaye."

"Ndafunsa mpando ine? M'mawa wabaya?"

Chigamba anawerama ngati ulusi wakola penapake. Mayi sanafune yankho lina. Milomo yake inali youma gwa, ndipo atangokhala pang'ono pabenchi ya makasitomala, anamuona akupita kuseri kukataya madzi, kubwera, kupapira botolo lija, kupitanso. Mpongozi anali atawauziratu pafoni kuti akaona ludzu lotere adziwe kuti shuga wakwera.

Iye ali kuseriko, mayi anakoka dirowa ya makina kufuna jakisoniyo. Anapezamo maswiti.

"Iwe, ukufuna kundisiyira maliro? Munthu wa shuga, maswiti m'dirowa?" anatero atabwera, atawakokolola kale kuti akawataye.

"Asiyeni, Amayi, amenewonso ndi mankhwala. Shuga samangokwera ayi, amatsikanso. Ndikabaya koma osadya bwino, kapena ndikalimbana ndi makinawa tsiku lonse, ndimayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, m'maso mdima. Pamenepo ndimafunika switi, apo ayi nditha kukomoka. Anamwino ndiwo anati azikhala pafupi."

Mayi anawabweza m'dirowa mosakondwa. "Matenda opanda khalidwe. Mdani yemweyo, m'bale yemweyo."

Chigamba anaseka, n'kuyamba kufotokoza zina. Ankadziwa chifukwa chake kabotolo ka insulini kamakhala m'filiji osati padzuwa, ankadziwa muyezo wake, ankadziwa zoyenera kudya ndi nthawi yake. Ankalankhula ngati wabadwira kuchipatala. Mayi anamvetsera mpaka anatopa. Mutu wa mwanayu unali wodzaza, dzanja ndiye linkakana.

"Zonsezo ndamva. Tenga jakisoni."

"Mundibaye ndinu, Amayi."

"Ine? Lero ine, mawa ine. Nanga nkhuku zanga zizidzigulitsa zokha? Mkazi wako akatuluka adzakhala ndi khanda kudzanja lamanja, iwenso khanda kumanzere?"

"Mpaka atuluke basi."

"Ayi, mtengo umenewo wakwera. Tsika."

"Lero lokha."

"Munthu wogwira singano kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chala chakocho wachibaya kangati?"

"Imeneyo imandibaya mwangozi. Iyi ndimachita kuiona ikubwera."

Chigamba anapotokola kaulusi pachala. Kenako analankhula motsitsa mawu, maso ali pamakina.

"Akamandibaya mayi akunyumba ndimayang'ana kukhoma, ndimadziuza kuti ndi malungo, mawa ndichira. Ndikadzibaya ndekha ndiye kuti ndavomera kuti ndi anga mpaka kalekale."

Mawuwa analowa ndithu. Koma Mayi a Nkhuku sanazolowere kuonetsa wogulitsa kuti katundu wawagwira mtima.

"Uvomere, usavomere, anakulowa kale m'nyumba osaodira. Chabwino, tikumane pakati. Ine nditsina mnofu, iwe ubaya."

"Inu mubaye, ine ndikankha mankhwalawo."

"Wanga womaliza ndi umene ndanenawo."

"Sindingathe, Amayi."

"Ndiye tsala bwino."

Ananyamula chikwama chawo. Njira imeneyi anali ataigwiritsa ntchito zaka zonse pogula nkhuku kwa alimi. Munthu akaumirira, sukangana naye. Umangotembenuka n'kumapita, pang'onopang'ono, osacheuka. Usanafike pachipata umamva, "Tabwerani, mayi, tikambirane." Sinawagwiritsepo mwala.

Anatsika sitepe, makutu ali kumbuyo. Anadutsa pa wowotcherera zitsulo, yemwe anatukula chigoba chake cha kumaso kuwapatsa moni, iwo anangogwedeza mutu. Anadutsa pagolosale, anadutsa mayi wogulitsa makala amene ankathira madzi pansi kuti fumbi ligone. Palibe anaitana. Anachepetsa liwiro mpaka kuyenda ngati wodwala mwendo. Pokhotera msewu anaima, nawerama ngati akukonza lamba wa nsapato yemwe analibe vuto lililonse.

Kunali zii. Phokoso la makina silinkamvekanso.

Pamenepo mpamene anaona kulakwa kwa njira yawoyo. Pa nkhuku, ukachoka osaitanidwa, umakagula kwina. Mwana alibe kwina. Uyu anali atadumphitsa kale jakisoni wam'mawa, ndipo anali ndi mutu wouma ngati wa mayi wake, woti atha kugona osabaya n'kudzuka ali zina. Komanso panali chimene sanamuuze. Manja awo odula nkhuku makosi osaphethira sanagwirepo jakisoni, ndipo timizere ndi tinambala tapajakisonipo maso awo sankatiwerenga. Kukana kwawo kuja, theka linali nzeru, theka linali mantha.

"Ndaluza," anadziuza. Anaganiza zobwerera kuti iye akayeze muyezo wake, iwo akamubaye, zamawa zikaoneke mawa.

Anapeza chitseko cha shopu chili chotseka theka. Anasuzumira.

Chigamba anali ataima pagalasi lalitali loyeserera zovala, malaya atawapinda n'kuwapana ndi chibwano, tepi yoyezera ili m'khosi. Pamimba pake panali timadontho ta choko cha telala, tondondozana bwinobwino motalikira mchombo, ngati malo osokerapo mabatani. Jakisoni anali kale m'dzanja, mankhwala atakoka.

Pakamwa pa mayi panayabwa. Mawu anali okonzeka: fulumira, usaganize, ng'ombe yaikulu ngati iwe. Anawameza. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, iyi yokhala chete ndiyo inawalemera.

Iye anatsina mnofu ndi zala ziwiri, momwe amatsinira nsalu akafuna kupinda mpendero. Anabweretsa singano pafupi, n'kuibweza. Anapuma mozama. Anaibweretsanso, nailowetsa pambali pa kadontho koyamba, n'kukankha mankhwala pang'onopang'ono. Anadikira kanthawi milomo ikuyenda akuwerenga masekondi, kenako anaizula n'kuiyang'anitsitsa.

"Basi?" anafunsa chithunzi chake m'galasimo.

M'galasi momwemo ndi momwe anaonera mpango wa mayi wake.

"Kani simunapite?"

"Maminibasi adzaza," anayankha akulowa, n'kuponya chikwama pabenchi. "Nanga mimbayo wailemba bwanji? Ukufuna kusokapo thumba?"

"Chibadwire sindinaboolepo nsalu yopanda choko, Amayi. Chinkandizunguza mutu n'chimenecho, kungoti baya paliponse. Tsopano apa ndi lero, apa ndi mawa. Anamwino anati ndisamabwereze malo amodzi, pamauma ndipo mankhwala sayenda bwino."

"Chokocho sichilowa m'thupi?"

"Ndabaya pambali. Msoko suyenda pamwamba pa mzere."

"Zawawa?"

"Udzudzu umaposa."

Ankanena choncho, koma poponya singano ija m'kachitini kake kotsekera anachita kuphonya kaye pakamwa pa kachitiniko. Mayi anaona, nayang'ana kumbali ngati akusirira nsalu zopachikidwa pachingwe. Chigamba anatsitsa malaya, nakhala pampando wa makina, thukuta lili pamphumi.

"Nanga m'mawa?" anafunsa mayi.

"Zam'mawa sindikudziwa. Mwina ziyambiranso. Mudzaime pakhomo pomwe munaima paja, koma osalankhula."

"Osalankhula? Pamenepo ndiye wakweza mtengo."

"Wanga womaliza ndi umenewo."

Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, momwe amayang'anira tambala amene mwini wake wakana kutsitsa.

"Ndatenga," anatero. "Koma mawa tikamakaona mkazi wako, ukawauze anamwino kuti lero m'mawa unadumphitsa. Usakaname, ine ndidzakhala kumbuyo kwako, ndipo kumeneko sindinalonjeze kukhala chete. Tseka shopu. Wanena wekha kuti ukabaya uzidya."

Analowera kukhitchini akupinda manja a bulauzi. Posakhalitsa kunamveka kugubuduka kwa mapoto ndi mawu awo akufunsa kuti nyumba yotani yosunga mchere m'chitini cha tiyi.