Malinki pa Tsamba la a Bobini

Azakhali anaigwira foniyo ngati ikuwaotcha. "Iwe Chitsiriza, tabwera kuno. Ine ndimafuna chithunzi cha achimwene, koma zanditulukira za mpira ndi ndalama zouluka. Ndadina pati?"

Chitsiriza anasiya mipando yobwereka imene ankasanja pakhonde. Bambo ake anaikidwa m'manda dzana lomweli, ndipo uthenga wa maliro unali pa webusayiti ya malemuwo, amene aliyense ankawatchula kuti a Bobini chifukwa chokonza makina osokera. Pamene panalembedwa kuti "anali bambo wachikondi", mawuwo anali abuluu, atasanduka linki yolozera ku tsamba lina. Atawadina, tsamba la juga linatseguka, kanyimbo n'kuyamba kulira.

Analowa mushopu ali piringupiringu. Mchimwene wake wamkulu, amene anzake sanalakwitse pomutcha Madilu, anali pa benchi ya bambo, laputopu ili pakati pa masikuluu ndi timabotolo ta oyilo. Amayi anali pakona, akupinda tizidutswa ta nsalu toyesera makina.

"Achimwene, bambo mwawagulitsa kwa a juga?"

"Tsitsa mawu, kunja kuli anthu."

"Amve! Mulibe manyazi? Pa uthenga wa maliro penipeni?"

Webusayiti imeneyi a Bobini anailemba ndi chala chimodzi kwa zaka zambiri: zochita makina akamadula ulusi, akamalumpha, akamatafuna nsalu. Telala aliyense akafufuza vuto lake pa intaneti, tsamba lawo linkabwera pamwamba. N'chifukwa chake makampani ankawakakamira ngati nkhupakupa kuti aikepo malinki awo n'kulandira kangachepe, poti tsamba lodalirika likakuloza, nawenso umakwera. A Bobini ankakana onse. Koma pasiwedi inali ndi Madilu, ndipo iye sanadikire n'komwe kuti maluwa a pamanda afote.

"Si apo pokha," anatero Madilu mosatekeseka. "Ndaika pa masamba onse. Wa juga, wa katapila, wa mankhwala ochepetsa thupi. Bokosi lija ukuganiza kuti tinagula ndi misozi?"

"Ndipo mukudziwa zimene zichitike. Makina ofufuzira pa intaneti akanunkhiza malinki ogula, tsambalo amalitaya kumbuyo kumene safikako munthu. Mayi wosoka mayunifolomu makina ake akaima, akawapeza kuti bambo?"

"Tsambalo likufa kale, iwe! Masiku ano anthu amafunsa makina oyankha mafunso pa intaneti aja, yankho n'kubwera lophikaphika, osatsegula tsamba la munthu. Chaka chamawa palibe adzalipire linki. Ng'ombe ikamadwala umaigulitsa isanagwe."

"Bambo si ng'ombe!"

Chimene chinkamuwawa kwambiri Chitsiriza n'chakuti mwina mchimwene wakeyo ankanena zoona za chaka chamawacho. Koma ngakhale tsambalo likanatsala ndi mwezi umodzi, iye ankafuna life lili la bambo ake, osati chikwangwani cha akuba.

Amayi anaika nsalu pansi. Kuyambira tsiku la maliro anali asanakwezeko mawu.

"Telala wina wandiimbira m'mawa uno," anatero. "Samandipepesa ayi. Amafunsa ngati bambo anu anayamba juga asanamwalire. Zaka zonsezi munthu wosagulako ngakhale tikiti ya lotale, lero ndikumuikira umboni ali m'dothi. Chotsa, ndikuona."

"Amayi, ndalama ndinalandira kale."

"Ukabweza. Chotsa."

Madilu anatsonya, nakokera laputopu pafupi. Anayamba kufufuta akumenya mabatani ngati amulakwira. Linki ya juga inapita, ya katapila inapita. "Mukufuna tsamba loyera? Ndichotsa zonse, mukhute ulemuwo!"

Anafika pa tsamba la makina osokera a magetsi. Pansi penipeni panali linki yakale, yoloza kwa mmisiri wa kuseri kwa msika, yemwe a Bobini sankapatsana naye moni kuyambira pamene anawalanda makasitomala a kusukulu yosoka.

"Ehe! Nayi," anatero Madilu akuseka mwachipongwe. "Oyera mtima anu aja. Mdani wawo weniweni ali pano. Ameneyu anawapatsa zingati?"

Chala chake chinali chikutsika pa batani pamene Amayi anamugwira dzanja.

"Sanawapatse kanthu. Sakudziwa n'komwe kuti ilipo." Anapukuta fumbi pagalasi la laputopu ndi kachidutswa ka nsalu. "Usiku umene ankailemba anamutukwana mpaka tiyi anazizira. Ndinawafunsa kuti nanga mukumulozeranji anthu. Anati, ‘Galu ameneyu makina a magetsi amawadziwa kuposa ine. Mayi wa eni alephere kusoka chifukwa choti ine ndimadana ndi munthu?’"

Madilu anayang'ana linkiyo kwa nthawi, kenaka anachotsa dzanja pa laputopu n'kuliika pabondo.

"Imeneyo isiye," anatero Amayi, n'kubwerera pakona kukapinda nsalu.