Dzanja Lamanzere la Cleotis

Nditabwerera kwathu ku Dayton patatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikuimba gitala ya besi m'mabala a ku Hamburg, ndinapeza fakitale imene bambo ankagwirako ntchito ili bwinja, ndipo gulu lathu loimba nyimbo za funk litangotulutsa chimbale chosakolera ngati ndiwo zopanda mchere. Ndinachimvera kamodzi basi.

Anandiitana ndi Thaddeus, mtsogoleri wa gululo. "Aise, bwera tidzadzutse mtembowu."

Tinakumana m'chipinda chapansi kwa mayi ake, momwe tinayambira tili anyamata. Pa ng'oma zachizungu panali Cleotis, amene sitiroko inamufoola dzanja lamanzere. Pa chimbale chija anamusiya, ndiye anabwera kudzamenyera mpando wake.

"Mundipirire, anyamata," anatero. "Dzanjali limafika mochedwa ngati mkwatibwi."

"Iwe unkachedwa usanadwale n'komwe," anayankha Thaddeus. Tinaseka.

Cleotis anayamba kuimba ng'omazo. Phazi linkagwa pa nthawi yake, koma dzanja linkatsalira pang'ono, ngati munthu wonyada wosafuna kuthamangira aliyense. Besi yanga inalowa yokha mumpatamo. Amalipenga anasiya kuyang'ana mapepala a nyimbo. Mayi ake a Thaddeus, gogo wa mpingo, anatsika masitepe chiuno chikugwedera.

Thaddeus anajambula zonsezo pa tepi.

Patapita milungu iwiri anandiitanira ku situdiyo. Anali atadula pa tepi ija kachidutswa ka ng'oma za Cleotis n'kukaika m'kabokosi ka magetsi kuti kazingobwereza.

"Cleotis ali kuti?" ndinafunsa.

"Akupuma. Aise, munthu uja akaimba nyimbo zitatu amayamba kunjenjemera. Ulendo wokaimba m'mizinda makumi atatu angauthe? Kuchedwa kwakeko tili nako umu, ndipo bokosi silidwala."

Chimbale chatsopano chitatuluka, manyuzipepala anati akufa auka. Wophunzira wina analemba ndime zitatu kutamanda nzeru za Thaddeus pochedwetsa ng'oma. Ndawerengapo nyansi m'zilankhulo zitatu, koma izi zinaposa zonse.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Cleotis anatulukira pa basi yathu, timitengo take ta ng'oma tili m'thumba la jekete. Panalibe amene anali atamuuza kuti sapita nafe.

"Pita ndiwe," Thaddeus anandinong'oneza. "Iwe amakumvera."

Ndinamuuza. Sananditukwane. Anangoyang'ana kabokosi kaja akukakweza m'basi atakakulunga bulangete.

"Mukasamale," anatero. "Kangazizidwe."

Ine ndinakwera, n'kukakhala pa zenera la mbali inayo.