Diresi Loyera la Prisca

Bokosi la Prisca linafika pa Namitete lili m'ngolo yokokedwa ndi minibasi, pamodzi ndi mafiriji ndi zikwama za anthu ena. Umu ndi mmene timabwerera ife a ku Joni, maliro ndi katundu ulendo umodzi. Ine, mlongo wake wamkulu, ndinakhala kutsogolo n'kumafunafuna mitengo imene ndinaisiya m'mbali mwa msewu wa kwathu. Ndinangoona zitsa ndi zikwangwani za ogulitsa mbewu.

Prisca ananditsatira ku Joni ali mtsikana. Kumeneko analowa mpingo umene anthu amangoutchula kuti wa a Momoni. Atapita kukachisi wawo anayamba kuvala zovala zoyera zamkati, usana ndi usiku, zimene sankaziyanika poonekera. Ine sindipemphera, ndiye ndinkamuseka kuti chikhulupiriro chake n'chamanyazi, chimabisala pansi pa bulauzi.

"Nanga chanu chili pati, achimwene?" ankandibwezera. "Mkati mulibe, kunja kulibe."

Atagonekedwa m'chipatala anandigwira dzanja. "Amayi a mpingo wanga adzandiveka zoyera. Mukakafika kumudzi asakandivule. Mwamva eti?" Ndinavomera. Ukakhala ku Joni kulonjeza sikuvuta, kumudzi kumaoneka kutali.

Bokosi litalowa m'nyumba ya siwa, amayi a m'mudzi analitsegula kuti aone nkhope. Kulira kunakwera, kenaka kunaduka mwadzidzidzi. Posakhalitsa mayi Malita, wapampando wa amayi a mphakati wathu wa Akatolika, anatuluka n'kudzagwada chapatali ndi pamene tinakhala amuna.

"A Hilario, tabwerani pang'ono."

Ndinapita.

"Kodi mwanayu mwamuveka ngati mkwatibwi bwanji? Akukakwatiwa ndi ndani kumeneko?"

"Ndi zovala za kumene amapemphera."

"Amapemphera kuti?"

Ndisanayankhe, a Lazaro anali atafika kale pambali panga. Awa ndi akatekisiti tsopano, koma tili ana tinkaba limodzi mango kumishoni, ndipo amene ankakwera mumtengo anali iwowo.

"Hila, tisavutane," anatero motsitsa mawu. "Ife timadziwa Prisca amene anabatizidwa konkuno. Ngati anasamuka, unene. Kwaya ibwerera, ife tingothandiza kunyamula ndi kukwirira. Sindingaimbire nkhosa ya eni ake. Ngati sanasamuke, amayiwa amuveka yunifolomu monga timachitira, basi."

"Lazaro, munthu wafa. Nsalu ili ndi kanthu?"

"Ikanakhala kuti ilibe kanthu ukanatuluka thukuta chonchi? Mwinimbumba ndiwe. Lamula."

Mwinimbumba. Ine amene ana a pakhomopo sindikuwadziwa maina, amene agalu anandiuwa m'mawa ngati wogula fodya. Udindo umenewu anandisungira bwinobwino kuti adzandipatse tsiku limene ndi wolemera.

M'nyumbamo sindikanalowa. Thupi la mkazi likamakonzedwa mwamuna amathera pakhomo. Ndinaima pamenepo, nsapato zanga za m'tauni zili mbuu, mpaka amayi anga anatuluka akugwira khoma. Pamkono anakoleka bulauzi yoyera, duku, ndi chitenje cha mpingo chokhala ndi nkhope ya Maria. Zinali zatsopano, mizere yopinda ikuonekabe. Anasoketsa kalekale, akuti Prisca akadzabwera azidzayenda nawo ku misonkhano ya amayi.

"Anandipempha, amayi," ndinatero. "Anati asavulidwe."

"Anapempha iwe. Ine anandiuza? Pafoni ankangoti ndikupemphera, amayi, ndikupemphera. Nonse awiri munandibisira. Ndiye lero ndimvere pamodzi ndi mudzi wonse?"

"Sitinafune kukudandaulitsani."

"Mwachita bwino, sindikudandaula." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku lija. "Iwe maliro akatha ukwera basi yako. Ine Lamulungu ndikakhala pa benchi pakati pa amayi omwewa. Ukufuna mwana wanga apite kumanda chete, wopanda nyimbo, ngati nthayo, khanda lobadwa lakufa? Anayenda, anaseka, anandiphikira ameneyu."

Ndawerenga mabuku ambiri m'zipinda za lendi, ena onena kuti munthu ali ndi ufulu pa thupi lake ngakhale atafa. Palibe limene mwini wake analilemba ataima pakhomo la siwa, amayi ake akumuyang'ana, kumbuyo kwake a kwaya atakhala pamphasa osadziwa ngati amasule ng'oma kapena azipita. Ndikanena zoona, amayi anga atsala okha m'mudzi muno. Ndikanama, ndavula Prisca ndi manja a anthu ena. Njira yachitatu ndinaifunafuna koma sindinaipeze.

"Chitani zimene mukuona, amayi."

Sanandithokoze. Analowa, n'kutulutsa amayi onse, ngakhale mayi Malita amene anayesa kukana.

"Nokha simutha, anzanga. Thupi limalemera."

"Ndinamubereka ndekha," anatero amayi, n'kutseka chitseko.

Tinadikira. Dzuwa linasuntha mthunzi wa mtengo, amuna n'kumasuntha nawo mipando. Wina anandifunsa ngati ku Joni ntchito zikupezeka masiku ano, mwana wake akufuna kupita. Ndinamuuza kuti asapite. Anaseka, akuyesa ndikumumana mwayi.

Chitseko chitatseguka amayi anandikodola. Anandipatsa jumbo yakuda yomanga pakamwa.

"Diresi lake ndi ilo. Ndachita kulidula ndi lezala kumsana." Anayandikira khutu langa. "Zamkatizo sindinazikhudze. Wawonda kwambiri mwanayu, sindikanatha kumuona. Utseke pakamwa."

Amayi a mphakati analowa, anaona chitenje ndi duku zili m'malo mwake, kulira kunayambanso, tsopano momasuka. Mayi Malita anatuluka n'kugwedezera mutu a Lazaro.

Bokosi litatulutsidwa pabwalo, a Lazaro ananena kuti mwambo usanayambe mwinimbumba apereke mbiri ya malemu. Anandipatsa maikolofoni. Jumbo ija inali m'khwapa mwanga, ndinalibe poisiya. Ndinanena kumene Prisca anabadwira, sukulu imene anaphunzira, ntchito yosoka imene ankagwira, matenda amene anamutenga.

"Za mpingo," anandinong'oneza a Lazaro.

"Malemuwa anali munthu wopemphera," ndinatero, "mpaka tsiku lawo lomaliza."

Ndinatambasulira a Lazaro maikolofoni. Sanailandire. Anapinda manja kumbuyo n'kumayang'ana pansi. Amayi anga anali pafupi ndi bokosi, dzanja lili pachivundikiro, osandiyang'ana.

Ndinaibweza pakamwa.

"Amwalira ali Mkatolika."

A Lazaro anakweza dzanja, kwaya inaimirira.