Mchere wa Benedita

Américo anabwera kuchokera kuminda ya khonje ya ku Kenya ali wonenepa, ndipo kunenepa kumeneko ndi kumene kunadzasanduka mlandu wa mkazi wake Benedita. Munali mu 1956, tauni ya Lichinga ikadatchedwa Vila Cabral, nthawi imene amuna ambiri ankathawa chibalo cha Apwitikizi n'kulowera kumpoto kukagwira ntchito m'minda ya eni. Mudzi wonse wa Lulimile, pafupi ndi tauniyo, unamuona akufika, bulangete paphewa, masaya ali phwii. Amayi a m'mudzimo anaseka n'kumati kunjako kwamuyanja. Analima ndi mkazi wake, anabzala nyemba ndi mbatata ya kachewere, anakolola, osatsokomola n'kamodzi komwe.

Matenda anayamba nthawi yachisanu. Thupi linkatentha m'mawa, kuzizira masana, n'kutenthanso dzuwa likapendeka. Benedita anaganiza kuti ndi malungo, ndipo anakagula kinino kwa Mmwenye. Kinino anatha, kutentha kuli pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti Américo ankadya bwino, koma chakudyacho sichinkaoneka kumene chikupita. Manja anasanduka mabango, nthiti zinayamba kuwerengeka, khungu linada ngati la munthu wootcha makala, pamene mimba yokha inkakula. Tsiku lina pomusambitsa, Benedita anakhudza chinthu cholimba pansi pa nthiti za kumanzere, chachikulu ngati mwala woperera. Anachotsa dzanja msanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo mantha sanamuchokenso.

Mapazi atayamba kutupa, anafika Brígida, mlongo wake wamkulu wa Américo, kuchokera ku Chimbonila. Mayi ameneyu ndiye analera Américo makolo awo atamwalira, ndipo ankamutengabe ngati mwana woti n'kubereka kumbuyo. Anayang'ana mapaziwo, anadinikiza chala, chala chinasiya dzenje. Anatuluka n'kuitanira Benedita kuseri kwa nkhokwe.

"Mlamu, mlongo wanga anabwera bwanji kuchokera kuulendo?" anafunsa Brígida.

"Anabwera bwino, alamu."

"Bwino ndithu. Tonse tinamuona. Nanga wadwalira mbale ya ndani?"

Funso limenelo aliyense wokulira kuno amalidziwa kumene limapita. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amati wamudula. Anyanja amati mdulo, Ayao amati ndaka. Munthu amaonda, amatupa, mapeto ake ndi kumanda. Mankhwala alipo, koma sagwira ntchito mkaziyo asanaulule ndi pakamwa pake.

"Alamu, ine sindinadziwe mwamuna wina. Mulungu ndi mboni," anatero Benedita.

"Mulungu sathira mchere m'ndiwo," anayankha Brígida. "Uganize bwino. Munthu akutha uyu."

Zoona zake n'zakuti Benedita analibe choti aulule. Nthawi yonse imene mwamuna wake anali kutali, iye ankangodziwa munda, chitsime ndi tchalitchi. Koma mawu akatuluka satenga nthawi. Kuchitsime amayi anayamba kusiya nkhani iye akafika. Brígida analanda mapoto, anabisa mchere, n'kumaphikira yekha mlongo wake. Mantha ndi chinthu choipa kwambiri: Benedita anafika poyamba kudzifufuza yekha, kukumbukira ngati anapatsapo moni mwamuna wina motalikitsa, kapena ngati maloto nawo amadula munthu.

Américo anayamba kutuluka magazi m'mphuno. Ndi m'masiku amenewo m'mene anabwera Ajibu, Msilamu wa kunyanja amene ankagulitsa nsomba zouma kumsika wa ku Chiuaula. Iyeyu ankadula khonje mzere umodzi ndi Américo ku Kenya, ndipo anali atamva kumsika kuti mnzake wagona. Analonjera, anavula nsapato, anagwada pamphasa. Anakweza malaya a wodwalayo n'kupapasa kumanzere kwa mimba. Kenako anatembenukira kwa Brígida.

"Amayi, iyi si ndaka," anatero Ajibu. "Matenda awa tinawatenga kuminda kuja. Kuchipatala chakumeneko ankawatcha kalazaa. Achimwene Américo, mukukumbuka zulu zazitali zija, zamauna? Tikaweruka tinkakhala pamenepo kupunga mphepo, ena kugona pomwepo chifukwa m'nyumba munkatentha ngati mu uvuni. M'mauna amenewo mumakhala tizilombo tochepa kuposa udzudzu, tosalira n'komwe. Tikakuluma sudziwa. Matenda amabisala m'thupi miyezi yambiri, amadzadzuka uli kwanu, utaiwala."

"Inu munadziwa bwanji?" anafunsa Benedita.

"Ndinatupa chomwechi ineyo, mlamu. Wallahi, ndinali ndisanakwatire, ndiwo ndinkaphika ndekha m'chitini. Anandidula ndani? Chimene chatupachi ndi kapamba. Anandibaya injesau, jakisoni amene, tsiku ndi tsiku mpaka chinaphwa. Anzathu amene anathawa singano, palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuona atadzuka. Mupite naye kuchipatala lero, ndipo mukanene kuti anali ku Kenya, apo ayi akangomupatsa kinino."

Benedita anali ataimirira kale kuti akabwereke machila. Koma Brígida anadzuka n'kukakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula.

"Inu bambo munadwala zanu," anatero Brígida. "Uyu anabwera wonenepa, wadwalira m'nyumba muno. Munthu wa mdulo akabayidwa asanamwe mankhwala ake, amafera pa singano pomwepo. Ndinaona ndi maso anga ku Chimbonila. Mlongo wanga satuluka muno. Mkaziyu aulule, ndimupatse mankhwala, kenako mumunyamule mupite naye kumene mufuna."

Ajibu anayesa kulankhula Chiyao, anayesa Chinyanja, analumbira, koma zinali ngati kuthira madzi pa msana wa bakha. Anthu oyandikana nawo anayamba kusonkhana pabwalo, ndipo ambiri anali mbali ya Brígida. Musaganize kuti mayiyu anali woipa mtima. Nayenso misozi inali m'maso. Ankaopa singano monga momwe Benedita ankaopera chinthu cholimba chija, ndipo pakati pa mantha awiriwo panagona munthu akutha.

Benedita anagwada pafupi ndi mwamuna wake. Ankayembekeza kuti iye ndiye anene mawu amodzi, akuti ndinyamuleni, mkazi wanga ndimamudziwa. Américo anatsegula maso. Magazi anali atayambanso kutsika m'mphuno.

"Benedita," ananong'ona, "ngati chilipo, ingonena. Sindikwiya. Ndikuopa kufa."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa onse a kuchitsime. Anamupukuta magaziwo ndi nsonga ya chitenje chake, akuganiza. Akapitiriza kukana, Brígida sachoka pakhomo, ndipo amuika munthu asanaone chipatala. Akatchula dzina la mwamuna wa m'mudzimo, pakhala mlandu, ankhoswe, kukanirana, masiku n'kumapita, komanso apasula banja la munthu wosalakwa. Anaimirira n'kulankhula mokweza kuti a pabwalo amve, asadzamubwerezetse.

"Anali munthu wapaulendo. Anaima kupempha madzi akumwa. Dzina sindinamufunse."

Pabwalo mayi wina analavula. Ajibu anazyolika, chifukwa iye yekha ndi amene anazindikira chimene chachitika. Brígida anapuma mpweya wautali, n'kuyamba kulira ngati munthu amene watula mtolo. Mizu anali nayo kale m'kansalu. Anaiphika m'phala, Benedita anatsina mchere ndi dzanja lake n'kuthiramo monga mwa mwambo, Américo anamwa. Dzuwa lisanapendeke, Ajibu ndi amuna ena anali atamunyamula pamachila kulowera m'tauni, Benedita akutsatira pambuyo yekhayekha.

Mwayi unalipo woti dotolo wa kuchipatalako anali wochokera ku Goa, ndipo matendawa anali atawaonapo ku India. Atamva za Kenya ndi zulu zija, anapapasa mimba, anatenga magazi, n'kuitanitsa mankhwala kuchokera kutali. Masiku odikira mankhwalawo anali owawa zedi. Tsiku lililonse Benedita ankadutsa m'mudzi atasenza chakudya, akumva kumbuyo kwake anthu akumutcha "uja wa madzi akumwa." Akafika pachipata cha chipatala ankaima kaye, kuopa kupeza bedi lili lokha. Chimene chinkamusowetsa mtendere kwambiri chinali chakuti mwina wagulitsa dzina lake pachabe, n'kudzakhala wamasiye amene aliyense akuti anapha mwamuna.

Jakisoni anayamba. Anali wowawa, ndipo masiku oyamba Américo ankasanza, mafupa akumuphwanya. Brígida anayamba kunena kuti ndinanena ine. Koma pang'onopang'ono kutentha kunasiya, magazi analeka, ndipo m'mawa wina Benedita pomusambitsa anapeza kuti mwala uja wabwerera m'nthiti. Anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa khitchini ya chipatala.

Américo anabwerera ku Lulimile akuyenda ndi miyendo yake. Brígida anabwerera ku Chimbonila n'kumauza aliyense kuti mizu yake ndiyo inadzutsa mlongo wake, jakisoni anangopeza ntchito itatha. Ndani akanamutsutsa? Mankhwala awiri analowa m'thupi limodzi. Ajibu anayesetsa kuchenjeza anyamata amene ankakonzekera ulendo wa kumpoto kuti asamakhale pa zulu madzulo, azifunda pogona, ndipo akadzatentha thupi osasiya, ngakhale patapita miyezi, athamangire kuchipatala n'kunena kumene anali. Ena anamva. Ena anaseka n'kumati, "Chimene chinadwalitsa Américo tonse tikuchidziwa, mwiniwake ananena yekha." Izi zimandikwiyitsa mpaka lero, chifukwa ena mwa osekawo anapita, ndipo akazi awo ndi amene anadzafunsidwa kuseri kwa nkhokwe.

Américo sanamusiye mkazi wake, ngakhale anthu ankamuuza kuti atenge bulangete lake azipita. Tsiku lina masana ali awiriwiri pakhonde, Benedita akuphika nyemba, analimba mtima n'kumuuza.

"Bambo, kunalibe munthu wapaulendo. Ndinanama kuti alamu achoke pakhomo."

"Ndikudziwa," anatero Américo. "Dotolo anandifotokozera zonse. Ajibu anandiuzanso. Unandipulumutsa, Benedita. Ndilibe mawu."

Ananena ndi mtima wonse, misozi ikulengeza, ndipo Benedita anamva chifuwa chake chikupepuka koyamba chiyambire nthawi yachisanu. Anatembenukira kumoto. Nyemba zinali zitapsa. Anavundukula poto, anafikira chikho cha mchere, anatapa.

"Ima kaye," anatero Américo.

Benedita anaima, mchere uli m'dzanja. Mwamuna wake sankamuyang'ana kumaso. Ankayang'ana dzanjalo, ndipo pankhope pake panali mantha omwe aja a tsiku lija atagona pamphasa.

"Bweretsa kuno," anatero motsitsa mawu. "Ndithira ndekha."

Benedita anabweza mchere uja m'chikho, anagwada, n'kumupatsa ndi manja awiri.