Chinenero cha M'makope a Bambo

Bambo anga amakonza mawotchi, koma mtima wawo uli pa chinenero chimene anachipeka okha. Kwa zaka makumi awiri akhala akulemba malamulo ake m'makope, patebulo lomwelo la timabatire ndi timalamba ta mawotchi. M'chinenerocho mneni amabwera kumapeto kwenikweni kwa chiganizo, ati kuti munthu azimvetsera mpaka mnzake amalize. Eni akewo kudula anthu mawu ndiye chakudya chawo! Chinenerocho Amayi anachikana kalekale, ine ndinaphunzira mawu atatu n'kutopa.

Nditabwera ndi chibwenzi changa, wokonza magetsi, Bambo anangomuyang'ana ndi kagalasi kawo ka padiso n'kukana, popanda chifukwa. Zinandipweteka kwambiri. Ndinkafuna kukwatiwa naye Bambo atavomera, osati mozemba.

Ndinayamba kuba makope aja limodzilimodzi n'kumapatsa chibwenzi changacho. Miyezi inayi mwana wa eni ake ankaloweza ali pamakwerero, mpaka anzake ankaganiza kuti magetsi anamugwira mutu.

Loweruka lina analowa m'shopu ya Bambo, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kulankhula. Chiganizo chake chinali chachitali ngati chingwe choyanikapo zovala.

"Akuti chiyani?" anandinong'oneza Bambo.

"Ndi chinenero chanu chomwe, Bambo."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti anali asanachimvepo chikutuluka pakamwa pa munthu, ngakhale pawo pomwe. Ankangochilemba.

"Tabwerezani, achimwene," anatero. "Pang'onopang'ono, palibe akukuthamangitsani."

Anabwereza katatu, Bambo akuvundukula masamba, chala chikulondola mawu. Anamudula kamodzi kuti amuwongolere: mawu akuti "mwana wanu" anayenera kutsogola. Atafika pa mneni, amene anali "kukwatira", chala chinaima. Anachotsa kagalasi n'kupukuta diso, ati fumbi.

Kenako anayamba kufunafuna yankho. Kope loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza. Mawu okanira anawapeza asanu ndi anayi, ena aulemu, ena a munthu amene wakwiya. Thukuta linayamba kuwatuluka.

"Mawu ovomera mulibe, Bambo," anatero wamagetsi uja mwaulemu. "Ndinafufuza paliponse."

Bambo anakankhira mawotchi a anthu pambali, n'kutsegula tsamba losalembedwa.

"Ndiye mwaimiranji?" anatero. "Kokani mpandowo tiwapeke."