Wotsika Masitepe Chambuyo

Abwana akadzuka, Nelia ankadziwira masitepe. A Fergal ankatsika chambuyo atagwira chitsulo ndi manja onse, mwendo uwu kaye, kenako uwo. Munthu wopanda ndi imvi yomwe.

Kwawo ku Ireland anali katswiri wa Gaelic, mpira wawo uja womenya ndi phazi, kugwiranso ndi manja. Pakhoma panali chithunzi chawo ali m'malere, bwalo litadzaza, ndipo Nelia ndiye ankachipukuta fumbi. Pachithunzipo panalibe zipsera za opaleshoni. Panalibenso kamwana kawo, kamene kankathamangira kwa Nelia kuti akamange nsapato poti bambo ake kugwada anasiya.

Zonsezi zikanakhala zawo pakadapanda Wongani, mwana wa Nelia. Iye anali gadi pahotela, ntchito yoima chilili tsiku lonse. A Fergal atamuona msinkhu anamutengera kutimu ya anzawo imene ankaphunzitsa, ndipo mpirawo unamulowa m'magazi. Kuhotela anali yunifolomu chabe, ku Najma, komwe ankagona ndi antchito anzake, anali bedi lapamwamba chabe. Pabwalo pokha ndi pomwe anthu ankafuula dzina lake. Nelia izi ankazidziwa. Koma tsopano mwanayo anali atatera molakwika, bondo litatupa, ndipo a Fergal ankati Lachisanu alimanga ndi tepi, asewera.

Pafoni Wongani anangoti mafi mushkila amayi, palibe vuto, n'kabondo chabe. Nelia analibe mphamvu zokangana. Anamuuza kuti abwere m'mawa ku Al Murra, kunyumba ya abwanawo, ndipo atafika anamukhazika m'khitchini, chitseko chili chotsegula.

"Khala apo. Uyang'ane uko."

Masitepe anayamba kulira. Pakati a Fergal anaima, natsamiritsa mphumi pamkono. Wongani anazyolika ndi manyazi, koma mayi ake anamukodola paphewa mpaka anadzutsanso mutu.

Atafika pansi abwana anakondwa kuona mnyamata wawo, nafunsa za bondo. Nelia sanadikire yankho.

"Bwana, inu kwanu ankakumanganinso tepi yomweyi?"

A Fergal anaseka, kusekako n'kuzilala pang'onopang'ono. Anavomera, koma anati atapatsidwanso zaka zija angasewerebe, ndipo zinkaoneka kuti sakunama.

"Chabwino," anatero Nelia. "Inu kuofesi muli ndi mpando. Uyu alibe. Bondo limenelo ndiye viza yake."

Abwana anayang'ana bondo la mnyamatayo, dzanja likadali pachitsulo. Kenako anauza Wongani kuti Lachisanu sasewera, ndipo sagwiranso mpira mpaka dokotala atalola. Anati amuperekeza okha.

Wongani sanathokoze aliyense. Anatsazika ndi mawu amodzi, nkhope ili gwa. Nelia anamuyang'ana pawindo akupita kugeti. Pakasitepe ka pakhonde mnyamatayo anaima, n'kutsika mosamala, dzanja lili kukhoma. Akwiye, anaganiza motero Nelia, bola akwiye ataima. Kenako anagwada, poti kamwana kaja kanali katafika ndi nsapato m'manja.