Kalavani ya pa Majeke

Maurice anagula kalavaniyo kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Kanali kanyumba koyera ka matayala awiri, kokokedwa ndi galimoto, mkati muli bedi, kasinki ndi makatani achikasu. Galimoto yokokera analibe. Anachita kubwereka pikapu kuti aifikitse pakhomo pawo ku Salisbury Lines, ndipo anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera.

"Galimoto ndikagula ku Joni," anauza mkazi wake Malita. "Ndikadzabwera tidzapita ku Nyika, ine, inu ndi mwana wathu Tione. Tizidzagona momwemu."

Malita anali wa ku Zomba. Ku Mzuzu anabwerera banja, ndipo ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa makope ndi zolembera pafupi ndi depoti. Ku Nyika anali asanapiteko.

Tsiku loti mawa anyamuka ulendo wa ku Joni, Maurice anakweza kalavaniyo pa majeke, jeke iliyonse pangodya yake, pansi atayala matabwa. Matayala anawavundikira ndi masaka.

"Mayi a Tione, tamverani. Tayala likakhalitsa pamalo amodzi litasenza katundu limaphwatalala. Dzuwa nalonso limaling'amba. Majekewa akayamba kutitimira, muziwapukusa kuti isapendekeke. Mphepo azidzapopa Overtoun."

Overtoun anali mng'ono wake wa Maurice, ndipo ankakhala ku Zolozolo.

Mvula ya ku Mzuzu simva kuti yakwana. Dothi la pakhomopo linkafewa ngati phala, jeke imodzi n'kuyamba kulowa pansi. Malita akaweruka ankagwada m'matopemo, n'kumapukusa mpaka kalavani iwongoke. Chiswe chikadya matabwa ankasaka ena. Masaka akawola ankakapempha atsopano kwa ogulitsa chimanga mumsika. Mayi wina wa kutchalitchi anapempha kuti atsegulemo saluni, Malita anakana. Mchemwali wa Malita atabwera kudzacheza anagona pabalaza, pamphasa, bedi lili m'kalavani.

Zaka zinapita. Tione, amene bambo ake anamusiya akuyamba sukulu, anafika posankha yekha zovala. Foni za Maurice zinayamba kutalikirana, ndipo zikabwera zinali zazifupi.

"Tione ali bwanji? Nanga matayala?"

Overtoun yekha sankaphonya. Ankafika ndi pampu yake, kupopa, kugogoda tayala ndi chala, kenako kukhala pakhonde kumwa tiyi.

"Yewo chomene, alamu," ankatero potsanzika. "Akulu adzakondwa."

Loweruka lina masana Malita akuchapa, pikapu yoyera ya nambala za ku Joni inaima pakhomo. Anatsika Maurice, atanenepa, kenako Overtoun. Kumpando wakumbuyo kunatsala mayi wina atanyamula khanda. Tione anathamangira bambo ake. Malita anapukuta manja pachitenje, koma Maurice anangomupatsa dzanja ngati mlendo wapamaliro, n'kulunjika ku kalavani. Anachotsa saka limodzi, n'kusisita tayala.

"Mwasunga bwino, mayi a Tione. Palibe ndi mng'alu womwe."

"Bambo a Tione, m'galimotomo muli ndani?"

Maurice sanatembenuke. "Ndi Stella. Tikambirana bwino."

"Nanga mwanayo?"

"Ndati tikambirana. Ndinagula puloti ku Zolozolo, koma nyumba sinathe. Ayambe wakhala umu."

Malita anayang'ana mayi uja. Stella anali atatsitsa galasi, maso ali pa makatani achikasu amene Malita anachapa sabata yomweyo.

Amuna awiriwo anatsitsa majeke. Matayala anagunda pansi osaphwa ngakhale pang'ono. Anamangirira kalavani kumbuyo kwa pikapu, anthu atatulukanso m'nyumba zawo kudzaonerera. Tione anafunsa ngati akwere nawo. Bambo ake anamusisita mutu n'kunena kuti tsiku lina.

Overtoun akutola matabwa, Malita anamuimirira kutsogolo.

"Alamu, pulotiyo anakagula ndani, eni ake ali ku Joni?"

Overtoun anayang'ana pansi. "Ndine, alamu. Ananditumizira zonse."

"Ndiye mumadziwa. Mumamwa tiyi wanga pakhonde apa, mukudziwa kuti ndikugwada m'matope kusungira mkazi wina nyumba."

"Sinali nkhani yanga yoti ndinene. Pepani chomene."

"Siyani matabwawo. Amenewo ndinasaka ndine."

Overtoun anawaika pansi n'kukakwera galimoto. Kalavani inatuluka pakhomo ikugwedezeka m'maenje a msewu, ndipo Maurice anatulutsa dzanja pawindo kubayibitsa ana a oyandikana nawo.

Malita analowa m'nyumba n'kuimbira foni malume ake ku Zomba, amene anali ankhoswe a banjalo. Anafotokoza zonse. Malumewo anamvetsera, n'kutsokomola.

"Koma pakhomopo sanakuthamangitse?"

"Ayi."

"Ndiye pirira, mwana wanga. Mwamuna wabwera wamoyo kuchokera ku Joni, anzako amalandira bokosi. Iwe ndiwe wamkulu, winayo ndi wongobwera. Mawa umuphikire bwino, mukambirane."

"Malume, ine munandiperekeza kuno kudzakhala mlonda?"

"Usayankhule motero. Ukalusa uwononga banja."

Malita anadula foni malume akadali pakati pa mawu. Inalira kachiwiri, iye osayankha.

M'mawa mwake Maurice anabwera yekha, atavala jekete ya kutchalitchi, n'kugogoda. Malita anatsegula pang'ono, n'kumupatsira chikwama cha zovala zake zakale, zina zitadyedwa ndi njenjete.

"Mayi a Tione, simundilola ndilowe m'nyumba mwanga?"

"Mwana mukamufuna muzituma uthenga kusitolo. Ndizimubweretsa kudepoti."

Anatseka chitseko. Maurice anagogodanso kanthawi, kenako anayamba kuitana Tione pawindo. Mwanayo anayang'ana mayi ake, akudikira kuti amuuze chochita, koma Malita anali atakhala pampando, nkhope itauma.